Misozi ya Mpesa wa Quinto

Lolemba, 18 Malichi

Andigoneka m'chipatala cha ku Ancona. Wodi ya maso, bedi la pafupi ndi zenera, ngakhale zeneralo silindipindulira kanthu chifukwa kuwala kukundibaya. Ndatuma mlongo wanga Quinto kuti andigulire kope ndi cholembera chonenepa chija amalembera pa makatoni. Ndikulemba zilembo zikuluzikulu ngati mwana woyamba kumene sukulu, mphuno ili pa pepala, ndi diso lakumanja. Diso limeneli ndi laulesi chibadwire: limaona munthu, chitseko, mbale, koma zilembo za m'buku ayi. Lomwe landiwerengera mabuku moyo wanga wonse ndi lakumanzere, ndipo ndi lomwelo ladwala.

Chiyambi chake n'chochititsa manyazi. Sabata yatha ndinkawerenga chogona, buku linandipulumuka, ngodya ya pepala n'kundikanda m'diso. Ine Ersilia Santarelli, amene ndaphunzitsa Chilatini kusekondale ya ku Jesi mpaka imvi mbuu, kulumidwa ndi buku langa lomwe! Ndinkatsuka ndi madzi a mpesa m'mawa ndi madzulo monga timachitira kwathu, koma diso linkangofiirabe. Dzulo linakaniratu kutseguka.

Adokotala ndi mayi wachitsikana, a Mengoni, osachulutsa mawu. Aunika ndi makina awo, ati pa kagalasi ka kutsogolo kwa diso pali chilonda. Apala pang'ono pachilondapo kuti akayeze kulabu. Afunsa ngati ndathirako mankhwala alionse, ndati ayi, ine za mankhwala ogula ndekha sindichita. Kenako ndafunsa langa: "Kodi ndidzawerenganso?"

"Tiyambe taona zotsatira, aphunzitsi."

Mwana wasukulu akandiyankha chonchi ndinkadziwiratu kuti yankho sakulidziwa.

Lachiwiri, 19 Malichi

Mankhwala odontheza: mitundu iwiri, ola lililonse, usana ndi usiku. Wachitatu ndi wokulitsa mwana wa diso, m'mawa ndi madzulo. Wodontheza masana ndi namwino Loredana, wa dzanja lopepuka ndi pakamwa polemera. Ati Chilatini chinamulepheretsa kalasi kawiri, ndiye ndisamupute, mwayi wobwezera wapezeka.

Bedi loyandikana nalo kuli mayi Palmira, ogulitsa nsomba kumsika wa kudoko. Madzi a m'diso mwawo akuthina, akudikira opaleshoni. Sindinanene n'komwe dzina langa, iwo ayamba kale.

"Inu ndinu aphunzitsi eti? Ndakudziwirani mayang'anidwe. Diso limodzi lokha, koma mukundiyang'ana ngati ndachedwa kusukulu."

"Inunso ndakudziwirani mawu, mayi. Kodi mumalankhula pang'onopang'ono mukakhala mtulo?"

"Mtulomo ndiye ndimaitanira makasitomala."

Lero ndi la Yosefe Woyera, mpongozi wawo wabweretsa mandasi aja a kirimu pakati. Andigawira awiri. Ndadya limodzi, linalo ndapatsa Loredana kuti aiwale za kalasi zija.

Lachitatu, 20 Malichi

Adokotala abwera ndi ophunzira awo, azungulira bedi langa ngati nkhuku pa madeya. Amalankhulana Chilatini cha kuchipatala, chothyokathyoka, poganiza kuti wodwala sakumva. Mmodzi watchula glandula lacrimalis, wina lacus lacrimalis. Atachoka, mayi Palmira ati, "Amakutukwanani chani?"

Ndawamasulira. Lacrima ndi msozi, lacrimae ndi misozi. Loyambalo ndi kathumba kopanga misozi, kali kuseri kwa chikope chapamwamba. Lachiwirilo ndi kadziwe ka misozi, pakona ya diso pafupi ndi mphuno, pomwe imasonkhana isanatsike. Palinso kafupa kopyapyala komwe kamatchedwa ndi mawu omwewo.

"Ndiye kuti munthu aliyense akuyenda ndi dziwe kumaso? Abale! Mwamuna wanga malemu lake linali louma, sanalire ngakhale pa maliro a mayi ake." Aganiza pang'ono, n'kufunsa: "Nanga vinyo uja wa kumapiri kwanu, Lacrima, n'chimodzimodzi?"

N'chimodzimodzi ndithu. Mphesa zake zikapsa khungu limang'ambika, timadzi n'kumatsika pa tsango ngati zikulira. Quinto amalima zomwezo.

Ndaona kuti kulongosola mawu amodziwa kwanditsitsa mtima kuposa mapiritsi opha ululu. Ndikhala ndikulemba zomwe ndikukumbuka za iwo, nthawi ipite.

Lachinayi, 21 Malichi

Zotsatira zoyamba zabwera: apeza mabakiteriya, ndipo mankhwala omwe ndikulandira ndi oyenera. A Mengoni amwetulira koyamba. Mtima pansi pang'ono.

Masana kwabwera Quinto, chipewa chili m'manja, nsapato zamatope, ataima pakhomo la wodi ngati akudikira kuti wina amuthamangitse. Ndi wachisanu kubadwa, ine woyamba. Apakatiwo anatisiya, mkazi wakenso anatisiya, ndiye tatsala awiri m'nyumba ya makolo, kukangana za mchere ndi wailesi. Wabweretsa buledi ndi soseji yofewa yopaka ija, ati chakudya cha m'chipatala chimadwalitsa.

"Achemwali, mipesa ikulira bwino chaka chino. Timabotolo tikudzaza tsiku limodzi."

Mayi Palmira khutu lili tcheru: "Mitengo kulira? Inu bambo, mwalawa kale vinyo wanuyo?"

Quinto wachita manyazi, ndamuyankhira ndine. Kukayamba kufunda, pomwe wadulira mpesa pamadontha madzi oyera mbee. Amamangirirapo timabotolo, tikadzaza amagawira anthu, chifukwa mudzi wonse umatsukira m'maso madzi amenewo. Bambo athu ankatero, agogo awo ankatero. Ndipo Aroma akale madzi otuluka mumtengo ankawatchanso lacrima: utomoni, zomatira, madzi a mpesa, zonsezo kwa iwo inali misozi ya mitengo, ndipo analemba kuti ya mpesa imachiza. Nditabwera koyamba kutchuthi kuchokera kuyunivesite ndinawawerengera bambo zimenezi patebulo. Anandibwerezetsa, kenako anapita kukaitana oyandikana nawo kuti adzamve okha kuti za kumunda kwathu zili m'mabuku.

Quinto amamvetsera akugwedeza mutu, monyadira. Nkhani imeneyi amaikonda kuposa ine.

Lachisanu, 22 Malichi

Ululu wafika mpaka m'mano. Pansi pa kagalasi pasonkhana mafinya, ati akuoneka ngati kamzere koyera. Chilonda chakula m'malo mochepa. A Mengoni aunika nthawi yaitali, apalanso kachiwiri. Sindinadye.

Loweruka, 23 Malichi

Mayi Palmira awapanga opaleshoni dzulo, lero ayamba kale kulamulira wodi. Ati opereka chakudya sadziwa kusiyanitsa nsomba ya lero ndi ya sabata yatha.

Pofuna kundiiwalitsa ululu andifunsa kuti mawu anga aja amapezekanso kuti. Ndawauza za mwala wakale womwe amisiri anaumangira m'khoma la tchalitchi cha kwathu. Ndi wa pamanda a kamtsikana ka nthawi ya Aroma. Dzina linafufutika, koma pansi pakuwerengekabe kuti cum lacrimis posuit, ndiko kuti wina anaika mwalawu akulira. Ndinkapita nawo ana asukulu kukawerenga pamenepo chaka chilichonse. Ena ankaseka, ena ankadya masiwiti, koma sipankalephera mmodzi wokhala chete.

"Anaika ndani?"

"Paja pathyoka, sitidziwa."

"Ndi mayi ake," atero mayi Palmira. "Bambo akanalembetsa dzina lake pamwamba, ndi zilembo zazikulu."

Ndaseka, diso n'kundilanga pomwepo.

Lamulungu la Kanjedza, 24 Malichi

Ndilemba zonse mwa dongosolo lake.

Quinto wabwera kuchokera ku Misa, atavala jekete la maliro ndi maukwati, ali ndi kanthambi ka azitona kodalitsidwa. Wakaika pamutu pa bedi. Kenako wapisa m'thumba n'kutulutsa kabotolo, kukaika pakabati poyera, pafupi ndi mankhwala a chipatala.

"Achemwali, mwanena pafoni kuti sizikusintha. Nanga zisinthe bwanji mutasiya kutsuka? Kabotolo kanu kaja munakaiwala pazenera la kukhitchini."

Ine sindinaone cholakwika, ndinene zoona. Ndinangoti aike pomwepo. Mayi Palmira ndi amene anati, "Tandidonthezerani nane ndione, mwina ndingatuluke msanga." Quinto, munthu wosadziwa kukana, anatsegula kabotolo, mayiwo atapendeketsa kale mutu. Ndi pomwe Loredana amalowa ndi thireyi.

"Heee! Bambo inu! Chimenecho n'chiyani? Siyani pompo!"

Analanda kabotolo n'kukakweza pa kuwala. Ati madziwo sanali oyera, munali timaulusi toyandama. Anatuluka chothamanga, n'kubwera ndi a Mengoni, omwe mwamwayi anali pa ntchito. Adokotala anamvetsera Quinto akulongosola zonse, za kudulira, za timabotolo, za pazenera pomwe pamawomba dzuwa la masana. Sanakweze mawu. Anatembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi, madzi awa analowa m'diso lokandika lija?"

"M'mawa ndi madzulo, pafupifupi sabata."

"Ndinakufunsani tsiku loyamba."

"Munafunsa za mankhwala, adokotala. Awa kwathu sitiwayesa mankhwala. Zili ngati mundifunse ngati ndinasamba kumaso."

Anapumira m'mwamba. Ati madzi a mtengo akakhala m'botolo pamalo ofunda amamera chuku, chonga chija chimamera pa buledi, ndipo chikalowa pa chilonda cha diso chimazika mizu. Kulabu chimachedwa kuoneka, n'chifukwa chake anayamba apeza mabakiteriya okha. Mankhwala onse a sabata ino chukucho sanachikhudze n'komwe.

Quinto anafunsa ndi mawu ang'ono: "Ndiye kuti ndi madzi angawa?"

"Tiyeza kaye, bambo. Koma mwachita bwino kubwera nawo, tsopano tadziwa chomwe tikulimbana nacho."

Mawu omalizawo Quinto sanawamve, ndikumudziwa. Anavala chipewa m'wodi momwemo, chinthu chomwe sanachitepo, n'kutuluka osatsanzika.

Lolemba, 25 Malichi

Asintha zonse. Mankhwala odontheza olimbana ndi chuku ola lililonse, amawawa ngati tsabola. Mapiritsi m'mawa ndi madzulo, ndipo azindiyeza magazi kuti aone ngati chiwindi chikupirira. Awonjezanso otsitsa kuthina kwa madzi a m'diso, ati kwakwera. Quinto sanabwere. Foni ikungoitana.

Lachitatu, 27 Malichi

Kulabu atsimikiza. Chuku cha m'kabotolo ndi cha m'diso ndi chimodzi. Masana andibaya jakisoni m'diso mwenimwenimo, atalichititsa dzanzi. Sizinapweteke monga ndimaopera, koma ndinagwira dzanja la Loredana mpaka anati, "Aphunzitsi, ndikhululukireni, ndidzabwereza kalasi kachitatu, ingondisiyirani zala."

Ndi diso lodwalalo ndikungoona kuwala ndi mdima, ngati ndayang'ana m'kapu ya mkaka.

Lachinayi Loyera, 28 Malichi

Mayi Palmira awatulutsa. Akulongedza anati ndiwapatse phunziro lomaliza, laulere. Ndinawauza za timabotolo tagalasi tomwe timapezeka m'manda a Aroma, tina tikusungidwa m'nyumba yosungira zakale kuno ku Ancona. Anthu a m'mbuyomu anapatsa timabotoloti dzina lochokera ku mawu omwe aja, lacrimatoria, ponena kuti olira maliro ankadonthezeramo misozi n'kuikwirira pamodzi ndi wakufayo. Nkhani yokoma. Koma akatswiri atayeza zotsalira mkatimo anapeza mafuta onunkhira basi. Ana asukulu ndikawauza zimenezi ankakwiya nane, ankafuna ya misozi ija.

"Ndiye inu za timabotolo ta akufa munkadziwa kuti n'zabodza, koma ka pazenera lanu ayi?"

"Ka pazenera langa ndinali nditakawerenga m'buku, mayi."

"Ehe. Ine wosaphunzira nsomba ndimainunkhiza ndisanagule, ngakhale wogulitsa akhale m'bale wanga."

Sanalakwe. Anandipsompsona pamasaya, fungo la sopo wa chipatala. Ali pakhomo anafunsa dzina la mudzi wathu, ndinawauza osaganiza kanthu. Pabedi pawo abweretsa mayi wina wosalankhula, amangoyang'ana foni.

Lachisanu Loyera, 29 Malichi

Kagalasi kapyapyala pakati, ati kakhoza kubooka. Kakabooka chuku n'kulowerera m'kati, diso lonse lichotsedwa. Njira yotsala ndi kudula kagalasi kodwalako n'kusokererapo kena, kochokera kwa munthu womwalira amene analola. Andiika pa mzere wa ofunika msanga. Ndisatsokomole mwamphamvu, ndisawerame, ndisatikite.

Ndikuopa. Ndalemba mawu amenewa kuti ndiwaone ndi maso, ngakhale ndi diso laulesi.

Lamulungu la Pasaka, 31 Malichi

Mabelu a mzinda wonse alira m'mawa. Ansembe a m'chipatala adutsa ndi Ukaristia. Wodi yadzaza alendo, ana, mazira a chokoleti, ine pabedi panga zii. Loredana wandibweretsera chidutswa cha buledi wa tchizi wa Pasaka, wophika mayi ake. Ndi wabwino, koma mchere wachepa. Wa kwathu ndimaphika ine, Quinto ntchito yake kukoleza uvuni ndi kuba tchizi.

Ndamuimbira katatu. Za kabotolo sindinamukwiyire ngakhale tsiku limodzi. Anandipatsa chomwe bambo akanandipatsa, ndipo amene anaika chidindo cha mabuku pa mwambowu ndine. Chomwe chandikwiyitsa n'chakuti wandisiya ndekha pa Pasaka, ndili ndi diso lolendewera pa ulusi, iye ali kumunda kudzimvera chisoni. Mwamuna wa imvi kuthawa ngati mwana woswa mbale! Ndikamuona ndimuuza mawu oti sadzaiwala.

Komanso ndamusowa. Zonse ziwiri n'zoona.

Lolemba la Pasaka, 1 Epulo

Lero anthu amapita kukadyera kutchire, ine ndimayembekeza tsiku lachete. Cha m'ma 2 koloko ndinamva mawu m'khonde, oti ngakhale ogontha akanawadziwa.

"Yendani bambo! Miyendo muli nayo. Kapena ndikunyamuleni ngati bokosi la nsomba?"

Mayi Palmira, diso lili ndi chophimba, atagwira Quinto pa mkono. Anamuuza mwana wawo kuti m'malo mopita kunyanja awakweze galimoto mpaka kumapiri kwathu, n'kumafunsa khomo ndi khomo. Anakhala pa mpando wa alendo, Quinto ataima kumiyendo kwa bedi, n'kundifotokozera okha.

Ati sabata yonseyi Quinto wayenda nyumba ndi nyumba m'mudzi kulanda timabotolo tomwe anagawa, n'kukatikhuthulira m'ngalande. Ena amakana, amati wapenga, madzi a makolo angaphe diso bwanji. Mayi wina wokalamba anakabisa kake pansi pa pilo, Quinto anakhala pakhonde pawo osachoka mpaka anakapereka. Ndipo lero anamupeza ali ndi sowo pa mpesa waukulu uja wa pakhomo, wobzala bambo, atadula kale nthambi imodzi.

"Ndinati, bambo inu, mtengo walakwanji? Mukaudula diso la achemwali anu limera? Chibale ndi fupa, sichiola, valani jekete tizipita."

Mawu onse omwe ndinakonza dzulo anathawa. Ndinamuyang'ana ndi diso laulesi: chithunzi cha munthu wamfupi, mapewa atagwa, chipewa akuchipotokola.

"Iwe Quinto."

"Achemwali."

"Wadya?"

"Ayi."

"Ndadziwa. Khala pansi apa. Mpesa wa bambo ukaukhudzanso ndikuthyola manja."

Anakhala m'mphepete mwa bedi. Anayamba kunena kuti ndi iye wandipha diso, ndinamudula. Ndinamuuza kuti mlanduwu tigawana pakati ngati munda wa makolo: iye anatunga madzi, ine ndinabweretsa buku, ndipo amene anasiya kabotolo padzuwa ndi ine, osati iye. Akafuna kulira alire, koma alirire pano pomwe ndikumumva. Analira ndithu, mopanda phokoso, bedi lokha limagwedezeka. Mayi Palmira anatulutsa nsomba zokazinga m'pepala n'kumuikira m'manja, ati munthu salira ndi njala.

Lachiwiri, 2 Epulo

Kagalasi kapezeka. Opaleshoni mawa m'mawa, kuyambira pakati pa usiku osadya osamwa. A Mengoni alongosola pamaso pa Quinto: cholinga choyamba ndi kupulumutsa diso, za kuona zibwera pambuyo. Ndafunsanso funso langa lija. Ati, "Sindikulonjezani." Yankho limeneli ndalilemekeza kuposa loyamba.

Ndaganizira za mwini kagalasiko. Sindidzamudziwa. Kwinakwake lero kuli nyumba yomwe akulira, ndipo pa Pasaka anali naye.

Quinto wameta ndevu. Wagona kwa mwana wa mayi Palmira kuti asachedwe.

Lachinayi, 4 Epulo

Ndikulemba ndine Quinto Santarelli. Achemwali awauza kuti agone chagada, asawerame, ndiye andipatsa kope kuti ndizilemba zomwe akunena. Ine sukulu ndinalekeza panjira, wowerenga andikhululukire.

Ati ndilembe kuti opaleshoni inatheka dzulo. Adula kodwala kaja, asokerera katsopano ndi ulusi woonda kuposa tsitsi. Atsukanso m'kati chifukwa chuku chinali chitayamba kulowa. Mankhwala odontheza akupitirira, mapiritsinso. Ati ndilembe kuti ululu ulipo koma ndi wina, wa bala loyera.

Ati ndilembenso kuti madokotala amawapatsa madzi ena ofewetsa diso omwe amawatcha misozi yopanga, ndipo pakabotolo pake palembedwa mawu awo aja a Chilatini. Ati Aroma akanamva kuti misozi ikugulitsidwa kufamase akanaseka mpaka kugwa.

Ati ndilembe kuti sakundikwiyira. Ndalemba. Koma izi ndikuwonjeza ndekha: m'mawa anditukwana chifukwa cha khofi wozizira, ndiye ndadziwa kuti ayamba kupeza bwino.

Lachiwiri, 9 Epulo

Ndine Quinto. Achemwali atopa, ati ndilembe zanga. Adokotala ati chuku sichinabwerere mpaka pano. Kuthina kwa madzi kwatsika. Ndimabwera m'mawa pa basi, ndimabwerera madzulo. Mipesa yasiya kudontha, yayamba kuphukira. Timabotolo ndinachotsa tonse.

Mayi Palmira anabwera dzulo ndi msuzi wa nsomba m'poto. Namwino anati poto saloledwa m'wodi, kenako anadya nawo.

Lachisanu, 12 Epulo

Ndine Quinto ndemwe. Lero achemwali sanandiuze cholemba, koma ndaona kuti tsiku la lero lisapite osalembedwa.

M'mawa anawatengera ku chipinda cha makina, ine ndinaloledwa kulowa. Anawayeza nthawi yaitali. A Mengoni anakweza dzanja, achemwali anati akuliona. Anawaonetsa zilembo za pakhoma, anatchula chachikulu chapamwamba chokha, china chilichonse ayi. Kenako adokotala anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo. Anati diso lapulumuka, silichotsedwa, ndipo Lolemba atuluka. Kagalasi kakamapola adzaona bwinoko, anthu, msewu, masitepe. Koma mtsempha wa kumbuyo kwa diso unapsinjika masiku aja madzi anathina, ndipo umenewo subwerera.

Achemwali anafunsa, "Nanga kuwerenga?"

Adokotala anati, "Zilembo za m'buku ayi, aphunzitsi. Pepani."

Achemwali anati, "Zikomo adokotala, mwayesetsa." Basi. Tinabwerera ku wodi nditawagwira pa chigongono. Anagona n'kutembenukira kukhoma. Chakudya chinabwera, chinabwerera. Namwino anayesa nthabwala zake, sanayankhidwe. Ine moyo wanga wonse sindinawaonepo achemwali atasowa mawu, ndipo ndinachita mantha kuposa tsiku la opaleshoni.

M'thumba la jekete ndakhala ndikuyenda ndi kabuku kena ka Chilatini, ndinakatenga pashelefu yawo kunyumba, kakutha m'makona chifukwa chogwiridwagwiridwa. Masiku onsewa ndimalephera kukatulutsa. Lero ndinati kaya, zivute zitani. Ndinavala magalasi anga, ndinatsegula tsamba loyamba, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Sindimamva ngakhale liwu limodzi. Ndimangotchula monga ndikuonera, ngati ngolo yoyenda pa miyala. Mayi a bedi linalo anasiya foni n'kumandiyang'ana.

Mzere woyamba, achemwali chete. Wachiwiri, chete. Ndinapitiriza. Ndili pakati pa wachitatu ndinamva mawu kuchokera kukhoma kuja.

"Ima."

Ndinaima.

"Ukupuma pamalo osapumira. Bwerera poyamba."

Ndinabwerera. Anandiimitsanso. Anatembenuka, anati ndiwakwezere pilo. Ananena mzere wonsewo pamtima, pang'onopang'ono, kuti ndiwatsatire, kenako anandiuza tanthauzo lake, ndi za munthu amene akubwerera kwawo atakhala kunja nthawi yaitali. Mpaka nthawi ya alendo kutha tinali tisanamalize tsambalo. Anditchula bulu kangapo, anati mwa ana onse omwe anaphunzitsapo ine ndiye wotsiriza, ndipo n'zachisoni kuti wotsirizayo ndi amene Mulungu wawasiyira. Akunena zimenezi anali atandigwira mkono wa jekete, osausiya.

Pochoka andiuza kuti tikabwerera kunyumba ndiziweruka kumunda dzuwa likadalipo, ndizisamba m'manja ndisanagwire mabuku awo. Ati kuwerenga kwanga n'koipa kale masana, mumdima sangakupirire.